Mapu ofiira a Climate Central: abwino podzutsa makhansala, osakwana posamutsa anthu

Khonsolo iliyonse ya m'mphepete mwa nyanja yamchere ikamayamba kulemba ndondomeko yothana ndi anamondwe komanso madzi osefukira, chida choyamba chomwe ndingailozere ndi mapu a pa intaneti a bungwe la Climate Central, otchedwa Coastal Risk Screening Tool. Ntchito yanga ndi yoona za kagawidwe ka malo ndi mapulani a zomangamanga kukhonsolo, ndipo mapuwa ndakhala nawo nthawi yokwanira kudziwa pomwe amakunyamula ndi pomwe amakutula panjira.

Climate Central ndi bungwe losachita malonda la asayansi ndi atolankhani, ndipo likulu lake lili ku Princeton, ku America. Mapu awo ndi aulere, aliyense atha kuwatsegula. Mumalemba dzina la tauni yanu, n'kusankha chaka, tinene 2050, basi malo onse amene akuyembekezeka kudzakhala pansi pa mlingo wa madzi osefukira a chaka ndi chaka amasanduka ofiira. Mukhozanso kusiya za chaka n'kusankha kukwera kwa madzi: mita imodzi, mamita awiri, mukukoka kabatani n'kumaona kufiirako kukukwawira kumtunda. Palinso posankha ngati maiko adzachepetse utsi wotenthetsa dziko kapena adzapitirize monga akuchitira lero. Mawu ofotokozera ndi Chingerezi cha asayansi, chouma ndithu, koma mtundu wofiirawo sufuna womasulira. Monga mapu alionse a pa intaneti amafuna netiweki yamphamvu, choncho ine zithunzi zofunika ndimajambuliratu msonkhano usanayambe.

Mphamvu ya mapuwa ili pa mmene anayezera kutalika kwa nthaka. Kwa zaka zambiri, maiko opanda ndalama zoyezera okha nthaka yawo ankadalira muyeso wotchedwa SRTM, womwe bungwe la ku America loona za m'mlengalenga la NASA linatenga mu February 2000 ndi makina a radar omwe anali pa chombo cha Endeavour. Vuto lake linali loti makinawo akagunda denga la nyumba kapena nsonga ya mtengo ankayesa kuti ndiyo nthaka. Tauni yothithikana nyumba inkaoneka ngati ili pamtunda chonsecho ili m'dambo. Mu 2019, Scott Kulp ndi Benjamin Strauss a bungweli anasindikiza m'magazini ya Nature Communications kafukufuku wogwiritsa ntchito muyeso wokonzedwanso ndi kompyuta, wotchedwa CoastalDEM. Zotsatira zake zinadzidzimutsa anthu: malo omwe panthawiyo munkakhala anthu pafupifupi 300 miliyoni adzakhala pansi pa mlingo wa madzi osefukira a chaka ndi chaka pofika 2050, pomwe muyeso wakale unkaonetsa pafupifupi 80 miliyoni. Ambiri mwa anthuwo ali ku China, Bangladesh, India, Vietnam, Indonesia ndi Thailand.

Manambala akuluakulu otere sagwedeza khansala. Ndinaimapo pamaso pa komiti n'kunena zomwe bungwe la IPCC, la akatswiri ofufuza za kusintha kwa nyengo pansi pa United Nations, linapeza, zoti nyanja yakwera ndi masentimita pafupifupi 20 pakati pa 1901 ndi 2018, ndiponso kuti masiku ano ikukwera mofulumira kuposa kale, mamilimita opitirira atatu pachaka. Wina ankayasamula, wina ali pafoni. Masentimita 20 ndi chiyani kwa munthu amene akuganiza za maenje a mumsewu ndi chisankho chikubwerachi? Koma nditaonetsa mapu pakhoma n'kukoka kabatani kufika mita imodzi, m'chipindamo munangoti zii. Khansala wina wachikulire anadzuka, kupita mpaka pakhoma, kuloza ndi cholembera.

"Tadikirani kaye, bwana. Bwererani pang'ono. Apo si pamene tinavomereza kuti pamangidwe sukulu?"

"Ndi pomwepo, a Khansala."

"Nanga msewu wopita kuchipatala uja?"

Msewuwo unali utadukizidwa ndi kufiirako malo awiri. Tsiku limenelo nkhani ya ngalande, yomwe nthawi zonse imakhala kumchira kwa bajeti, inakambidwa koyambirira. Pa ntchito imeneyi, yopangitsa anthu audindo kuona ndi maso awo, sindinapeze china chowaposa mapuwa.

Tsopano ndinene pomwe akuperewera, ndipo ndithokoze eni ake chifukwa sabisa. Analemba okha kuti ichi n'chida chongolozera malo ofunika kufufuzidwa bwino, ndipo anatchula zomwe mapu awo sawerengera. Tsoka lake anthu ambiri sawerenga mawuwo, amangothamangira kufiirako.

Mapuwa amaitenga nyanja ngati madzi a m'beseni: kwezani mlingo, chilichonse chomwe chili pansi pake ndipo chikulumikizana ndi nyanja chamira. Njira imeneyi ndi yabwino pofuna kudziwa malo omwe nyanja idzalande pang'onopang'ono mpaka kalekale. Koma namondwe sabwera mwaulemu chotero. Mphepo imakankhira nyanja kumtunda, mafunde amakwera pamwamba pake, ndipo zonse zimadalira ngati wafika nyanja itadzaza kapena itaphwa, komanso ngati gombelo ndi losaya kapena lakuya. Madzi ena amalowa mtunda wautali kudzera m'mitsinje, ena amafooka m'nkhalango za mitengo ya mangrove asanafike kunyumba za anthu. Kukokoloka kwa gombe nakonso mulibe. Nyumba yomwe ili pachitunda cha mchenga imaoneka yotetezeka pamapu, pomwe chitundacho chikudyedwa kunsi chaka chilichonse.

Kunja kwa America, mapuwa sadziwa bwino za makoma ndi zipupa zotchinga madzi zomwe anthu anamanga. Tsegulani dziko la Netherlands muone mmene kwafiirira, chifukwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dzikolo lili pansi pa mlingo wa nyanja. Komatu anthu akugona tulo ku Rotterdam. Chigumula cha 1953 chitapha anthu oposa 1,800, boma lawo linamanga zotchinga zotchedwa Delta Works, ndipo mu 1997 anamaliza zitseko zikuluzikulu za Maeslantkering zomwe zimatseka njira ya zombo namondwe akamabwera. Mbali inanso ya nkhaniyi ndi mzinda wa New Orleans ku America. Kumeneko makoma analipo, anthu ankawakhulupirira, koma anagumuka pa namondwe Katrina mu 2005 ndipo pafupifupi 80 peresenti ya mzindawo inamira. Ngati khoma lanu lili ndi ming'alu, palibe mapu a pa intaneti amene angakuuzeni. Pafunika injiniya apite akaligogode.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mvula. Mapuwa sawerengera mvula kapena mitsinje yosefukira, pomwe m'matauni ambiri a m'mphepete mwa nyanja madzi opha anthu amachokera kumwamba ndi kumtunda. Ku Durban ndi madera ozungulira, ku South Africa, mu April 2022 anthu oposa 400 anafa, osati chifukwa nyanja inalowa mumzinda, koma chifukwa cha chimvula choposa mamilimita 300 m'maola 24 m'madera ena, chomwe chinadzaza mitsinje ndi kugumula zitunda zomwe anthu anamangapo. Nyumba zambiri zomwe zinagwa zinali pamtunda, kutali ndi kufiira kulikonse. Ndipo zinthu ziwirizi zikakumana m'pamene pamaopsa: nyanja ikadzaza, ngalande zimalephera kutaya madzi a mvula, amabwerera m'makomo.

Ndinapita ndi anzanga kudera lina lomwe pamapu silinafiire ngakhale pang'ono. Amayi ena achikulire anatilowetsa m'nyumba mwawo n'kutionetsa mzere wa matope pakhoma, wofika m'chiuno mwanga, penti itafufuma kunsi kwake. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, madziwa analowa kuchokera kunyanja?" Anaseka. "Nyanja iti, mwana wanga? Tiyeni ndikakuonetseni." Anatitengera kumsewu waukulu, komwe makalavati anali atatsekeka ndi mchenga, mabotolo apulasitiki ndi matiresi akale, udzu utamera pakamwa pake. Msewu womwewo, womwe unakwezedwa pokonzedwa, ndiwo unasanduka damu. Zimenezi makina a m'mlengalenga sangazione, koma aliyense wokhala kumeneko amazidziwa, ndipo akanatiuza kalekale tikanawafunsa.

Mzinda wa Beira ku Mozambique ndi chitsanzo chomwe ndimachikonda pankhaniyi, chifukwa pamapu ndi wofiira kwambiri, koma atsogoleri ake sanathere pa kuopa. Mu nthawi ya meya Daviz Simango, mzindawu unalemba pulani yofika 2035 mothandizidwa ndi akatswiri a ku Netherlands, unakonzanso ngalande zikuluzikulu ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, ndipo mtsinje wa Chiveve, womwe unali utatsekeka ndi zinyalala, unatsegulidwanso kuti uzitaya madzi kunyanja. Namondwe Idai atafika usiku wa pa 14 March 2019, mphepo inasasula madenga ambirimbiri ndipo mzinda unaonongeka koopsa. Komabe madera omwe anali ndi ngalande zokonzedwazo sanamire ngati ena, madzi anaphwa msanga. Ntchito imeneyo inachokera pa kuyeza nthaka, kudziwa kolowera madzi, ndi kusaka ndalama.

Palinso nthaka yomwe ikutitimira. Kumpoto kwa mzinda wa Jakarta ku Indonesia madera ena akhala akutsika ndi masentimita angapo chaka chilichonse chifukwa chopopa madzi a pansi mopitirira muyeso, liwiro loposa kutali kukwera kwa nyanja. Tauni iliyonse yomangidwa pamatope a kumathiriro a mtsinje, yomwe anthu ake akukumba mijigo mwachisawawa, iyenera kudziyeza yokha kawirikawiri m'malo modalira chithunzi cha zaka zapitazo.

Apa m'pamene ndinasemphana ndi anzanga ena kukhonsolo. Ataona mphamvu ya mapuwa, anafuna kuti tiwasindikize n'kuwasandutsa lamulo: aliyense wa m'kati mwa kufiirako asapatsidwe chilolezo chomanga, ndipo ena asamutsidwe. Ndinakana, ndipo ndikukanabe. Muyeso wa nthaka womwe mapuwa amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri umagawa dziko m'timabokosi ta mamita pafupifupi 30 mbali iliyonse, ndipo m'kabokosi kamodzi mukhoza kukhala nyumba zingapo za anthu osauka. Kuphonya ndi theka la mita kokha pamalo athyathyathya kumasuntha mzere wofiira ndi mtunda wautali. Mzere wotere sungakhale malire a poloti ya munthu. Ndipo tonse tikudziwa amene amayamba kuthamangitsidwa zikatere: si hotela yomwe ili pagombe penipeni, ndi asodzi ndi anthu a m'zisakasa, omwe alibe loya. Ku America mapu omwewa ndi olondola kwambiri chifukwa nthaka yawo inayezedwa ndi ndege zokhala ndi makina a lidar, oyeza kutalika kwa nthaka ndi kuwala kwa laser. Khonsolo yofuna kukhudza malo a munthu iyenera kupeza muyeso wa mtundu umenewo, kapena itume oyeza malo ndi zida zawo.

Musayembekezerenso kuti mapuwa akuchenjezani za namondwe wa mawa. Si ntchito yawo. Dziko la Bangladesh, lomwe panthawiyo linali mbali ya Pakistan, linataya anthu osachepera 300,000 pa namondwe wa 1970, koma pa namondwe Sidr mu 2007 anafa osakwana 5,000, ndipo chinasintha zinthu ndi machenjezo ofika msanga, nyumba zolimba zothawiramo, ndi anthu odzipereka oyenda khomo ndi khomo ndi zimkuzamawu. Zimenezo khonsolo iyenera kuzikonza payokha mogwirizana ndi a zanyengo.

Mmene ife timawagwiritsira ntchito tsopano ndi motere. Timasindikiza mapu a mita imodzi ndi a mamita awiri papepala lalikulu, n'kulembapo pomwe pali zipatala, masukulu, malo opopera madzi akumwa, nyumba za magetsi ndi misewu yothawira. Kenako timapita nalo pepalalo kumadera, n'kupereka cholembera chabuluu kwa anthu okhala kumeneko kuti ajambule pomwe madzi anafika ulendo watha ndi komwe anachokera. Pomwe kufiira ndi buluu zakumana, m'pamene timayambira kutuma oyeza malo ndi kupempha ndalama za ngalande. Pomwe pali buluu yekha, nthawi zambiri timapeza kalavati yotsekeka, ndipo imeneyo sidikira 2050, timatumako anyamata ndi mafosholo sabata yomweyo.