Kalasi ya Chingerezi ya Loweruka ku Zomba ndi phunziro la mawu olamula

Kwa miyezi itatu ndakhala ndikupita Loweruka lililonse m'mawa ku kalasi ya Chingerezi ya anthu apantchito, imene imachitikira pa sukulu ina yoima payokha mumzinda wa Zomba. Ndinalembetsa chifukwa ndimalandira alendo pa loji ina ya m'munsi mwa phiri, ndipo ngakhale ndinakhoza Chingerezi pa mayeso a MSCE, ndinkaona alendo ena ochokera kunja akukwinya nkhope ndikawalankhula, pamene ine mumtima ndinkadziwa kuti ndikuwapatsa ulemu wonse.

Phunziro limene linandionetsa pamene panali vuto linali la mawu olamula. Aphunzitsi athu, mayi wachikulire amene anaphunzitsa ku sekondale zaka zambiri, analemba pa bolodi mawu akuti "Sit down" n'kutiuza kuti tiwamasulire. Ena tinati "khala pansi", ena anati "khalani pansi", ndipo tinayamba kutsutsana. Iwo anatisiya kwa kanthawi, kenako anatiuza kuti tonse tinalondola. M'Chichewa, kachidutswa kakang'ono ka "-ni" kamanyamula ulemu ndiponso kuchuluka kwa anthu, koma mneni wolamula wa Chingerezi sasintha, kaya mukulankhula ndi mwana, agogo, kapena khamu la anthu mu holo. Choncho ndikamauza mlendo kuti "Sign here" kapena "Give me your passport", m'mutu mwanga ndinkamva "sainani apa" ndi "ndipatseni", koma iye ankamva lamulo louma ngati la msilikali.

Kapangidwe ka ziganizo zotere anakafotokoza mwachidule, ndipo anachita bwino chifukwa n'kosavuta. Mneni amaima yekha koyambirira popanda mwininkhani, popanda "to" ndiponso popanda "-s" kumapeto. Poletsa timayamba ndi "Don't", ngakhale pa mneni "be", monga mu "Don't be late", ndipo "Let's" ndi "tiyeni" wathu yemwe uja, amene pokana amakhala "Let's not". Mawu akuti "always" ndi "never" amatsogola mneni.

Nthawi yambiri anaithera pa funso limene mabuku athu a ku sukulu sankalilabadira kwenikweni, loti kodi lamulo lachindunji limaloledwa pati. Polozera munthu njira, popereka malangizo ophikira, pochenjeza za ngozi, ngakhale pomuitanira munthu zabwino, palibe amene angakhumudwe, n'chifukwa chake "Help yourself", "Have some tea" ndi "Have a safe trip" ndi mawu a chikondi. Koma pamene mukufuna kuti munthu wamkulu kapena kasitomala akuchitireni kanthu, "please" yekha nthawi zina sakwana, ndipo pempho liyenera kusanduka funso, monga "Could you sign here, please?" kapena "Would you mind waiting a moment?". Anatichenjezanso za chizolowezi chathu choika "you" kutsogolo poganiza kuti tikunena "inu" waulemu, pamene "You wait there" amamveka ngati kukalipa. Chinandisangalatsa kwambiri ndi "Do come in", momwe "do" amawonjezera kukoma mtima, mofanana ndi mmene ife timanenera kuti "lowani ndithu".

Ntchito yokachitira kunyumba inali yoti titolere mawu olamula kulikonse komwe tingawapeze. Mnzathu wina amene amagulitsa mankhwala anabweretsa botolo lolembedwa kuti "Shake well before use" ndi "Keep out of reach of children", dalaivala wa minibasi anabweretsa "Keep left" wa pamsewu, ndipo ine ndinakopera "Enter PIN" pafoni yanga. Pamenepo ndinazindikira kuti mawu amenewa timawawerenga tsiku ndi tsiku, koma pa zikwangwani ndi pa mapaketi pomwe palibe munthu woti achitiridwe ulemu, ndiye ife n'kumawatengera pakamwa mmene alili.

Zofooka zilipo ndipo sindingazibise. M'chipindamo timachulukamo, kotero kuti pa sewero la wolandira alendo ndi mlendo, limene ndi lothandiza kuposa zonse, ena amatuluka osalankhulako. Mapepala a manotsi amabwera ofufutika moti zilembo zina timachita kufunsana. Ndinadandaulanso kuti kulemba sikupatsidwa mpata wokwanira, pamene ambiri a ife timatumiza mauthenga a kuntchito pa imelo ndi pa WhatsApp, komwe kulibe kumwetulira kapena kutsitsa mawu koti kufewetse lamulo.

Ngakhale zili choncho, ndalama zimene ndinalipira sindikuzidandaula. Amene akukonzekera mayeso a MANEB mwina angafune kalasi yokhala ndi zolemba zambiri, koma anamwino, osunga ndalama m'masitolo, operekera zakudya ndi onse amene amalankhula ndi anthu tsiku lonse adzapindula nayo. Mukapita, tengani kope lanu, mufike msanga kuti mukhale kutsogolo, ndipo mulembe ziganizo zisanu zimene mumanena kawirikawiri kuntchito, chifukwa aphunzitsi amaziwerenga chimodzichimodzi n'kukuuzani mmene mlendo angazimvere.