Kawailesi ka Baibulo koyendera dzuwa: ndemanga ya wokagwiritsa ntchito pophunzira za umulungu wa Khristu

Kawailesi aka ndi kachipangizo kokwana m'dzanja limodzi, kokhala ndi sola kumsana, sipika kutsogolo ndi mabatani ochepa m'munsi mwake. Sikagwira siteshoni iliyonse, chifukwa ntchito yake ndi imodzi yokha, yowerenga Malemba mokweza. Kamene ndikukamba pano kali ndi Chipangano Chatsopano m'mawu a Buku Lopatulika, Baibulo lomwe linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, ntchito yomasulira itatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Ndinakagulira mayi anga aang'ono, omwe ng'ala yawalanda mwayi wowerenga, koma takhala tikukagwiritsanso ntchito pa mapemphero a kumlaga, pomwe tinkaphunzira chiphunzitso chakuti Mpulumutsi wathu alibe chiyambi ndipo ndi Mulungu weniweni.

Chimene ndayamikira koposa ndi kawerengedwe kake. Wowerengayo sathamanga ndipo sakometsera mawu mopitirira muyezo. Pa chiyambi cha Uthenga Wabwino wa Yohane, akanena kuti "Pachiyambi panali Mau, ndipo Mau anali kwa Mulungu, ndipo Mau ndiye Mulungu," amapuma pang'ono pakati pa ziganizo zitatuzo, kotero kuti womvera amazindikira kuti chilichonse chikuwonjezera mfundo pa chinzake: Mau analipo kale, anali pamodzi ndi Atate, ndipo iwo eni ndi Mulungu. Mayi aang'ono, omwe ndimeyi anaidziwa pamtima kuyambira m'kalasi ya ubatizo, anapempha kuti tiibwereze mpaka pa vesi 14, pomwe Mau aja asandulika thupi.

Ubwino wina unaonekera pa Akolose 1. Vesi 15 imatchula Khristu kuti wobadwa woyamba wa chilengedwe chonse, ndipo anthu ena oyenda khomo ndi khomo amaimira pomwepo n'kunena kuti Yesu ndi cholengedwa choyamba. Maganizo amenewa si atsopano. Arius, wansembe wa ku Alexandria, ankaphunzitsa kuti inalipo nthawi pamene Mwana kunalibe, ndipo mkanganowo unakula mpaka mfumu Constantine inaitanitsa msonkhano wa maepiskopi ku Nicaea m'chaka cha 325. Msonkhanowo unavomereza kuti Mwana ndi wobadwa, osati wolengedwa, ndipo ali ndi umulungu umodzi ndi Atate, mfundo yomwe Athanasius, episkopi wa ku Alexandria, anaiteteza ngakhale anathamangitsidwa pa udindo wake kasanu konse, ndipo inatsimikizidwanso pa msonkhano wina wa ku Constantinople mu 381. Kawailesi aka sikakulolani kuimira pa vesi 15, chifukwa wowerenga amangopitirira kunena kuti zonse zinalengedwa mwa Iye ndi chifukwa cha Iye, kuti Iye ali woyamba wa zonse, ndiponso kuti zonse zimagwirizana pamodzi mwa Iye. Munthu akamva mavesi 15 mpaka 17 motsatizana chotere, amaona yekha kuti wolenga zonse sangawerengedwe m'gulu la zolengedwazo.

Komabe pali zofooka ziwiri zimene wogula ayenera kuzidziwa asanatulutse ndalama. Choyamba, mabatani amadumpha buku ndi mutu, koma sadumpha vesi. Mutu 8 wa Yohane uli ndi mavesi 59, ndipo mawu amene Yesu ananena kuti analipo Abrahamu asanakhale ali pa vesi 58. Kuti tifike pamenepo tinayenera kumvetsera mutu wonse, zomwe n'zabwino kwa munthu wosinkhasinkha payekha, koma n'zovuta pa phunziro la gulu pomwe mtsogoleri akufuna kuika Yohane 8:58 pambali pa Ahebri 13:8 ndi Chivumbulutso 22:13 nthawi isanathe.

Chachiwiri, ndipo ichi chikundidandaulitsa kwambiri, ndi kusowa kwa Chipangano Chakale. Vesi 59 ya Yohane 8 imanena kuti omvera anatola miyala kuti amuponye Yesu, koma chifukwa cha mkwiyo wawo chimamveka bwino munthu akamva Eksodo 3:14, pomwe Mulungu anauza Mose pa chitsamba choyaka moto dzina lake lakuti INE NDINE, lomwe mawu a Yesu aja amatikumbutsa. Chimodzimodzinso Mika 5:2, yonena za wolamulira wochokera ku Betelehemu amene matulukiro ake ndi akalekale, komanso Yesaya 9:6, sizipezekamo. Chiphunzitso cha umuyaya wa Khristu chinamangidwa pa zipangano zonse ziwiri, ndipo womvera wosadziwa kuwerenga, amene kachipangizoka kanapangidwira, ndiye amene amamanidwa theka la umboniwo.

Za kapangidwe kake ndilibe dandaulo lalikulu. Kakakhala padzuwa masana, batire lake limakwanira mapemphero a madzulo, ngakhale kuti nthawi ya mitambo limatha msanga. Sipika yake imamveka bwino m'chipinda chochezera, koma pabwalo, anthu akachuluka, okhala kumbuyo amavutika kumva.

Kwa okalamba, osaona ndi onse amene sanapite patali ndi sukulu, ndikukalimbikitsa ndi mtima wonse. Akulu ampingo ndi atsogoleri a milaga amene akufuna kukagwiritsa ntchito pophunzitsa ayambe afunsa wogulitsa ngati pali mtundu wokhala ndi Baibulo lonse, ndipo ngati palibe, azinyamulanso Baibulo losindikizidwa kuti wina aziwerenga ndime za Chipangano Chakale pamene zafunika.