Mpunga ndi kampango pa malo odyera opanda chikwangwani cha ku Lifuwu

Amene mukufuna kulawa mpunga weniweni wa ku Salima, musathere nthawi m'malo odyera a m'mbali mwa nyanja momwe amakupatsani pepala la zakudya la m'Chingerezi. Lowerani cha ku Lifuwu. Kumeneko kuli kanyumba ka njerwa zootcha, kutsogolo kwake kuli chisakasa cha udzu, pomwe mayi wina amaphikira a kabaza ndi mavenda obwera kudzapikula mpunga. Palibe chikwangwani. Mudzadziwa kuti mwafika mukaona mtengo waukulu wa mango ndi njinga zamoto zitandanda pamthunzi.

Ife sitinapite dala. Tinanyamuka ku Lilongwe m'mamawa ndi anzanga atatu pa msewu wa M14, makilomita pafupifupi 100 kufika pa Kamuzu Road, n'kuwonjezera ena 20 mpaka ku Senga Bay. Cholinga chinali kukwera boti kupita pa chilumba cha Namalenje kukaona ng'azi. Koma munali mu Juni, mwera uli pachimake, mafunde akuswekera pamchenga mwaukali. Mwini boti anangoyang'ana nyanja n'kunena kuti, "Mabwana, lero ayi. Ndalama zanu ndi izi." Bambo ameneyu ndimamulemekeza mpaka lero, chifukwa ena akanatikweza basi pofuna ndalama.

Kubwerera ku Lilongwe nthawi yomweyo kunatikanika. Tinagwirizana zongoyenda pa galimoto kuona midzi ya kumpoto kwa Senga Bay, ndipo titangosiya tala njira zinayamba kugawikana. Uku njira ya ngolo, uku ya njinga, zonse zofanana, zonse zodutsa pakati pa migwalangwa ndi minda ya mpunga yomwe anali atangokolola kumene. Netiweki inathawa, mapu a pa foni anaima. Tinazungulira dambo mpaka dzuwa kufika pamutu, njala itatigwira zenizeni. Mnyamata wina amene ananyamula thumba la mpunga pa njinga ndi amene anatipulumutsa. "Achimwene, kumene mukupitaku ndi ku zithaphwi. Tanditsatani." Anatisiya pa mango paja.

Tsono chakudyacho. Mayiwo anatilandira ndi jagi ya madzi ofunda ndi beseni, natithira m'manja mmodzimmodzi, kenako anafunsa, "Ana anga, nsima kapena mpunga?" Tonse tinati mpunga, poti fungo lake linali litatipeza tisanatsike n'komwe m'galimoto. Unali Kilombero wa chaka chomwecho, wopunthitsa pa chigayo chapafupi. Anauphika pa nkhuni, madzi atauma anaphula moto pansi n'kuika makala pa chivundikiro kuti upse ndi kumwamba komwe. Unatuluka woyoyoka, njere iliyonse payokha, wosamata, mafuta ake ochepa. Pansi pa poto panatsala makoko ofiirira, ndipo titawapempha anatipalira akumwetulira. Kuno mpunga ndi nkhani yakale: ku Lifuwu kuli sikimu ndi malo a boma ofufuzira za ulimi wa mpunga, choncho anthu ake amasiyanitsa Kilombero ndi Faya pongonunkhiza. Mpunga wa m'mapaketi umene timagula m'tauni nthawi zambiri umakhala wosakaniza, ndipo ukadya wa kunoko m'pamene umazindikira.

Ndiwo yake inali kampango wowamba. Anayamba wamutsuka ndi madzi otentha kuchotsa mwaye, n'kumuphika pang'onopang'ono ndi tomato ndi anyezi, popanda zokometsera za m'sitolo. Mnofu wake unali wokhuthala, wamafuta, wosaphwanyika, msuzi wake wolemera moti umakakamira ku mpunga osathawira pansi pa mbale. Pambali panali nkhwani wotendera ndi kambuzi wosinja ndi mchere m'kasosala. Kambuziyo samalani naye, ndi waukali kwambiri.

Chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Mnzathu mmodzi ndi wa Sabata ndipo sadya nsomba yopanda mamba. Atangonena, mayi aja sanachite tsinya kapena kumuuza kuti angodya masamba. Anatuma mwana kunyumba, anabwera ndi utaka, natsuka poto wina n'kumuphikira payekha. Sanaonjezere mtengo. Mbale zonse zinayi pamodzi sizinafike mtengo wa chambo chimodzi cha m'malo ogona alendo ku nyanja.

Zosowa zilipo ndithu, ndipo sindibisa. Palibe magetsi, ndiye zakumwa zoziziritsa kukhosi zimakhala zofunda. Bola thobwa lawo lomwe amasunga mumtsuko. Ntchentche zimavuta chifukwa nsomba amaziyanika pafupi, ndipo zikanakhala bwino akanamavundikira mbale pozibweretsa. Chimbudzi ndiye chofunika kukonzedwa msanga: chitseko chake ndi chiguduli, ndipo panalibe madzi osamba m'manja potuluka. Mayi wophika mwaukhondo chotere sayenera kugwetsedwa ndi kanthu kotha kukonzeka ndi matabwa ochepa ndi ndowa imodzi. Ndinawauza pamaso, ndipo anavomera kuti akagulitsa mpunga wa chaka chino ayamba ndi pomwepo. Mipando ndi mabenchi awiri basi, choncho mukakhala gulu lalikulu ena mukhala pamphasa.

Ngati mupite, fikani nthawi isanakwane 1 koloko masana, chifukwa a kabaza akadya kampango amatha ndipo saphikanso wina. Tengani ndalama m'manja, zing'onozing'ono, poti kulipira pa foni kumadalira netiweki yomwe imabwera n'kupita. Nthawi ya dzinja musayerekeze ndi galimoto yaing'ono, dothi la m'dambomo ndi lamakande ndipo mudzatitimira. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, njira zitauma. Mungathenso kugula mpunga wopita nawo kunyumba. Mayiwo anatilozera kwa mlamu wawo yemwe amagulitsa pa ndowa, ndipo anatilola kuutafuna kaye tisanalipire. Pobwerera funsani a kabaza njira yotulukira ku tala ya ku Senga Bay, ndipo mmodzi akavomera kukutsogolerani, mupatseni ya mafuta.