Chipatala cha boma, cha mishoni kapena kiliniki ya m'dera: banja lizidalira kuti?

Mu Blantyre muno munthu akamati "adokotala athu" sakunena a ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chomwe timachitchanso Queens, ayi. Akunena bambo kapena mayi wa pa kiliniki ya m'dera, ku Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni, amene timamuthamangira mwana akatentha thupi usiku kapena agogo BP ikakwera. Ambiri mwa iwo ndi ma clinical officer, anthu amene anaphunzira kuyeza ndi kuchiza odwala koma si madokotala. Madokotala amene anaphunzira mwapadera za chisamaliro cha banja lonse, omwe yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS imaphunzitsa, akadali ochepa. Clinical officer wodziwa ntchito ndi wodalirika ndithu, bola asamadzitche chimene sali.

Tiyambe ndi zipatala zing'onozing'ono za boma, monga cha Zingwangwa, Limbe kapena South Lunzu. Ubwino wake si ulere wokha. Kumeneko amatsata ndondomeko za Unduna wa Zaumoyo: amayamba abaya chala n'kuyeza malungo asanapereke LA, katemera wa ana alipo, ma ARV ndi mankhwala a TB alipo, ndipo matenda akakula amakulemberani kalata ya ku Queens. Chovuta ndi khamu. Benchi imadzaza kusanache, woona odwala ndi mmodzi kapena awiri, ndiye simungafotokoze zonse zakukhosi. Lero mupeza uyu, mwezi wamawa wina. Komanso si zachilendo kumva kuti "awa mukagule ku famase".

Kiliniki yolipira imapambana pomwepa. Mumapeza munthu yemweyo, amadziwa kuti mayi anu ali ndi shuga ndiponso kuti mwana wanu amatuluka zidzolo akamwa Bactrim. Zambiri zimatsegula madzulo ndi Loweruka lomwe. Koma pali chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri: amene akukuyezaniyo ndi yemwenso akukugulitsani mankhwala. Jakisoni ndi dilipi zimalowetsa ndalama kuposa panado ndi malangizo oti mukapume, ndipo ife odwala timathandizira vutoli, chifukwa tikatuluka osabayidwa timati sanatithandize. Chimfine sichifuna ceftriaxone, jakisoni wophera tizilombo ta bakiteriya. Akafukufuku a bungwe la Malawi-Liverpool Wellcome anaonetsa kuti pakati pa odwala a ku Queens, tizilombo tolowa m'magazi tosamva mankhwala amenewa takhala tikuchuluka, pomwe ndi mankhwala amene chipatalacho chimadalira munthu akafika ali kayakaya. Jakisoni wosafunikira lero akutilanda chida chodzapulumutsira mwana mawa.

Ndiye mukalowa pa kiliniki, maso akhale patsogolo. Pakhoma payenera kukhala chiphaso cha Medical Council of Malawi, cha kilinikiyo ndi cha woona odwalayo, ndipo chikhale chosatha ntchito. Anamwino amalembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Singano aitsegule m'pepala lake inu mukuona, akatha aiponye m'katoni yake, osati m'beseni. Onani ngati pali madzi ndi sopo ndipo ngati akusambadi m'manja. Chimene chimandipweteka mtima ndi kapepala kapulasitiki kokhala ndi makapisozi ofiira ndi achikasu, kolembedwa 1x3 basi, popanda dzina la mankhwala. Musachoke nako choncho. Auzeni mwaulemu kuti, "Adokotala, tandilemberani dzina lake pano ndi m'buku momwe." Mankhwalawo akakusokonezani usiku, amene adzakulandireni kwina adzadalira buku lanu la kuchipatala kuti adziwe chimene mwamwa.

Zipatala za mishoni, monga Mlambe ku Lunzu yomwe ili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zili pakatikati: mumalipira koma osati moboola m'thumba, labu ilipo, malo ogoneka odwala alipo. Kwa munthu wa ku Bangwe, mtunda ndi thiransipoti ndiye vuto. Zipatala zikuluzikulu zolipira za Mwaiwathu ndi Blantyre Adventist zili ndi zipangizo ndi akatswiri, koma wopanda MASM kapena inshuwalansi ina sangamapiteko pa chifuwa chilichonse.

Ine ndikuona chonchi. Sikelo ya ana, sikelo ya amayi oyembekezera, TB ndi HIV, pitani kwa boma; ndondomeko zake n'zokhazikika ndipo simulipira. BP ndi shuga zimafuna munthu mmodzi wokutsatirani miyezi ndi zaka, woyerekeza muyezo wa lero ndi wa mwezi watha, ndiye ngati thumba likulola, kiliniki yachiphaso imene imayeza isanapereke mankhwala ndi yabwino, koma musamadumphedumphe. Munthu akakomoka, akamabanika, akauma mbali imodzi kapena mwana akamagwa khunyu chifukwa cha kutentha thupi, musataye nthawi pa kiliniki, thamangirani ku Queens.

Ndipo musanasankhe kiliniki kukhala ya banja lanu, afunseni tsiku limene muli bwinobwino kuti matenda akawakulira amatumiza kuti, ndipo wodwalayo amapita pa galimoto ya ndani. Amene angayankhe mozemba kapena kunena kuti iwo amachiza zonse, ana anu musawapititseko.