Anyamata amene anatisamutsira maseva kuchoka pa VMware kupita pa Proxmox

Anthu angapo andifunsa kuti anyamata otisamutsira maseva aja anakugwirirani bwanji ntchito, ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Ine ndimayang'anira makompyuta pa kampani ya masipeya cha ku Lumumba Road kuno ku Lusaka, maseva tili nawo awiri chabe koma mkati munali ma VM 9 (makompyuta oyerekezera oyendera mkati mwa seva) pa ESXi 7, pulogalamu ya VMware yoyendetsera ma VM, ya akaunti, ya sitoko, ya mafayilo, ena Windows ena Ubuntu.

Chotithamangitsa mukuchidziwa kale. Broadcom itagula VMware mu November 2023 malaisensi ogula kamodzi aja anatha, manje ndi sabusikripishoni yowerengera ma core (timagawo togwira ntchito ta m'purosesa), ndipo purosesa iliyonse amaiyambira pa 16 ngakhale ikhale ndi 8 ngati zathuzi. Mtengo uli m'madola pomwe ife timagulitsa mu kwacha, komanso sapoti ya vSphere 7, yomwe ESXi 7 yathu ili m'gulu lake, inali kutha pa 2 October 2025. Abwana ataona kotesheni anangovula magalasi nkundiyang'ana, palibe chimene ananena.

Ndinapeza kakampani ka anyamata atatu cha ku Longacres. Tsiku loyamba mkulu wawo anakana kukhudza chilichonse, akuti bwana tiyambe taona bakapu yanu ikudzuka. Ine ndinakhumudwa pang'ono, ndimaona ngati akundipeputsa, si ine ndimaiyang'ana tsiku ndi tsiku? Anabwera ndi seva yawo yotibwereka, tinayesa kubwezeretsa databesi ya akaunti, koma abale! Fayilo inalipo, dzina lilipo, deti ilipo, kutsegula ayi. Masabata angapo ndimagona tulo tabwino pamwamba pa bakapu yakufa. Pamenepo ndalama yawo anali ataigwirira kale ntchito, zinazo ndinaziona ngati basela.

Kusamutsa kwenikweni kunayenda bwino. Proxmox, pulogalamu ina yoyendetsera ma VM yomwe tinasamukirako, kuyambira 8.2 ya April 2024 ili ndi chida chokokera ma VM kuchokera ku ESXi, umangoilumikiza ngati sitoreji nkumakoka imodzi imodzi VM itazimitsidwa. Anayamba kuthira zonse pa seva yobwereka ija, maseva athu anawafufuta pambuyo titatsimikiza kuti zonse zikuyaka. Pa Windows ndi pomwe ndinaona kuti awa si oyesera pa ife, anachotsa kaye VMware Tools asanakoke, nkuyatsa disiki ili pa SATA, kuika madiraiva a VirtIO (othandiza Windows kugwira bwino ntchito pa Proxmox), kenako ndi pomwe anaisinthira ku VirtIO SCSI. Ukadumpha pamenepo Windows imangokupatsa sikirini ya buluu basi. Ubuntu inangosintha dzina la netiweki kuchoka ens192 kukhala ens18, mphindi zochepa anakonza.

China chimene ndinakonda ndi nkhani ya quorum, lamulo loti mavoti a maseva opitirira theka azikhalapo. Maseva awiri okha mu cluster (gulu la maseva ogwirira ntchito limodzi) ndi mavoti awiri, imodzi ikazima inayo imatsala ndi theka, ndiye imakana kuyatsa VM kapena kusintha chilichonse. Kuno ku Lusaka ndi mmene malaiti anativutira chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, seva kuzima si nkhani yachilendo. Anaika kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi ngati QDevice kuti kakhale voti yachitatu, kali pamwamba pa raki apo, ndinachita kukamata pepala kuti aliyense asakazule pofuna kutchaja foni. Anandifotokozeranso kuti ZFS, pulogalamu yosungira mafayilo pa madisiki, imafuna kuona madisiki yokha osati kudzera pa RAID ya khadi yomwe imawaphatikiza ngati disiki imodzi, ndiye khadi anaiika pa HBA kuti izingoonetsa disiki iliyonse payokha. Bakapu tsopano ikupita ku Proxmox Backup Server ndipo mwezi uliwonse ndimadzutsa VM imodzi kuti ndione ndi maso anga.

Koma zoipa zilipo, sindibisa. Nthawi sasunga anyamatawa, tinapangana Loweruka 08 hours anafika 11 hours, akuti jamu pa Great East Road, Loweruka m'mawa zoona? Choipa kwambiri chinali Lolemba. Pulogalamu ya akaunti laisensi yake inamangidwa pa MAC address, nambala yodziwira kompyuta pa netiweki, ndipo iwo anaiwala kukopera yakale, amayi a ku akaunti anandipeza ndikumwa tiyi nkundiuza kuti mwana wanga ma invoisi sakutuluka, makasitomala ali pa mzere. Foni anayankha msanga inde, pasanathe theka la ola zinatheka, koma funso limenelo anayenera kufunsa asanayambe. Zoti maseva azizima okha bwinobwino UPS (batire yogwirizira maseva malaiti akapita) ikatsala pang'ono kutha sanaike mpaka ndinachita kuwakumbutsa. Anatiikanso pa repo ya no-subscription, kotengera ma update a Proxmox kwaulere, osandiuza, ndinadziwira pa kauthenga kotuluka polowa mu Proxmox, pomwe bwenzi atandiuza kuti ilipo yolipira pachaka pa soketi iliyonse ya purosesa abwana asankhe okha. Mapepala ofotokoza zimene anachita anabwera patatha masabata atatu, masamba awiri, pasiwedi imodzi yolakwika.

Mtengo wawo unali pansi pa kotesheni ya laisensi ya chaka chimodzi, ndiye abwana sanadandaule. Ndikuwapatsa 4 pa 5, ndipo mukawatenga gwirani ndalama yomaliza mpaka mapepala afike m'manja. Mwezi wamawa abweranso kudzatikweza ku Proxmox 9 ya pa Debian 13, pve8to9, chida choonera ngati maseva ali okonzeka kukwezedwa, ndayendetsa kale ndekha. Ndawauza kuti tiyambe 06 hours, mwina afika 09.