Viofo A119 V3: Kamera ya M'galimoto Imene Ndinasiya Kuidera Nkhawa

Ndakhala ndikuyenda ndi kamera ya Viofo A119 V3 pagalasi lakutsogolo la galimoto yanga kwa zaka zoposa ziwiri, m'maulendo wamba opita kuntchito ndi kubwerako, ndipo chimene ndingaiyamikire koposa n'chakuti masabata amatha ndisanaiganizire n'komwe. Ndikaliza injini imayaka yokha n'kuyamba kujambula, ndipo ndikazimitsa imamaliza kanema wake bwinobwino isanathime. Kwa munthu amene sanakhalepo ndi dashcam (kamera yojambula msewu kuchokera m'galimoto) zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma ndi pomwepa pamene kamera zambiri zimagwera, chifukwa chipangizo chotere chimafunika tsiku limodzi lokha pa masiku mazana ambiri, ndipo tsikulo silidziwitsa kuti likubwera.

Kamera yanga yoyamba, imene sinditchula dzina, inali ndi bokosi lolembedwa 4K m'zilembo zikuluzikulu. Inagwira ntchito miyezi ingapo, kenaka tsiku ndi nthawi zinayamba kubwerera m'mbuyo ndikangozimitsa galimoto, koma ine sindinalabadire. Tsiku lina woyendetsa galimoto ina anandikhula chakumanzere pamphambano n'kukana kuti ndiye analakwa. Ndinafika kunyumba mtima uli m'malo, ndinatulutsa memori khadi n'kuliika mukompyuta, ndipo makanema onse a m'mawawo anatseguka kupatulapo womaliza, womwe unali ndi ngoziyo. Nditaitsegula kamerayo ndi sikuludiraiva ndinapeza kabatire kake katatupa ngati kapilo, moti kanali katakankha chivundikiro. Panthawi ya kugundanako waya wa magetsi unagwedera, ndipo kabatire kofookako kanalephera kusunga moto kwa masekondi ochepa ofunika kuti kanema atsekedwe.

Ichi ndicho chifukwa chake pogula kamera yachiwiri sindinayambe ndi kufunsa za kuwala kwa chithunzi, koma za chimene chimasunga moto m'kati mwake. Mabatire a lithium sagwirizana ndi kutentha, ndipo galimoto yoimikidwa padzuwa mawindo ali otseka imatentha kwambiri, makamaka pafupi ndi galasi lakutsogolo pomwe kamera imakhala, pamene kutentha kungapitirire madigiri 60. A119 V3 ilibe batire lotere. Ili ndi supercapacitor, kachipangizo kosunga magetsi ochepa kwambiri, ongokwanira kutseka kanema womaliza moto ukaduka, koma kopirira kutentha ndi kuzizira kwa zaka zambiri popanda kutupa. Kuipa kwake n'kwakuti simungaichotse kamerayi m'galimoto n'kumajambula nayo panja, popeza ikangochoka pawaya imathima. Kwa ine zimenezi si vuto, pakuti ntchito imeneyo foni imaigwira bwino.

Pa nkhani ya chithunzi, kamerayi imajambula 1440p pa mafuremu (zithunzi) 30 pa sekondi, pogwiritsa ntchito sensa (kachipangizo kotolera kuwala n'kupanga chithunzi) ya Sony STARVIS IMX335. Chithunzi cha 1080p chimakhala ndi mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) pafupifupi 2 miliyoni, cha 1440p pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo cha 4K yeniyeni chimaposa pang'ono 8 miliyoni. Ndikuti yeniyeni chifukwa kamera zina zotsika mtengo zimajambula chithunzi chaching'ono n'kuchikoka ndi pulogalamu kuti chikule, ndipo zotsatira zake ndi kanema wolemera koma wosaonetsa kanthu kena katsopano. Njira yachidule yodziwira ndiyo kuona ngati opanga atchula dzina la sensa imene anaikamo; amene anaika sensa yabwino sabisa. Masana A119 V3 imaonetsa bwino nambala ya galimoto ili kutsogolo kwanu pamtunda wa magalimoto awiri kapena atatu, zikwangwani za pamsewu, mizere ya pansi ndi mtundu wa getsi la pamphambano, ndipo zimenezi ndizo zimathetsa mikangano yambiri ya yemwe analowerera mnzake.

Usiku nkhani imasintha, ndipo apa m'pofunika kunena zoona, chifukwa otsatsa malonda amakonda kulonjeza zoposa zimene kamera iliyonse yaing'ono ingathe. Kukada, kamera imatsegula diso lake kwa nthawi yotalikirapo pa furemu iliyonse kuti itolere kuwala, ndipo chilichonse chothamanga chimaoneka chopakika. Komanso nambala za galimoto zambiri zimabweza kuwala, moti nyali zanu zikaziwomba zimangosanduka kachigamba koyera kopanda zilembo. Pa kamerayi, m'misewu yokhala ndi magetsi, zochitika zonse zimaoneka bwino ndipo nambala ya galimoto yoima kapena yoyenda liwiro lofanana ndi lanu imawerengeka, koma ya galimoto yochokera kutsogolo mumdima nthawi zambiri siiwerengeka. Ma sensa atsopano a STARVIS 2, monga IMX675 imene ili mu A119 Mini 2, akuchita bwinopo pa zimenezi, ngakhale nawonso sanalithetse vutoli. Chizolowezi chimene ndinaphunzira ndicho kusiya maikolofoni ili yoyatsa ndi kutchula nambala mokweza ndikaona chinthu chokayikitsa, kuti chimene diso la kamera laphonya mawu anga achisunge.

Diso la A119 V3 limaona madigiri 140. Ena amatamanda 170, koma diso likatambasuka kwambiri zinthu za kutsogolo zimaoneka zazing'ono ndi zakutali, ndipo m'mbali chithunzi chimapindika. Madigiri 140 amakwana kuona njira yanu ndi zoyandikana nazo.

Mbali imene ogula ambiri amaipeputsa, ndipo ine ndimaiona ngati theka la kudalirika konse, ndi memori khadi. Dashcam imalemba kosalekeza: imadula makanema a mphindi imodzi, zitatu kapena zisanu monga mwasankhira, ndipo khadi likadzaza imafufuta akale n'kulembapo atsopano. Kamera yolemba mamegabiti 25 pa sekondi imadya pafupifupi 11GB pa ola, zomwe zikutanthauza kuti khadi la 64GB limadzaza pasanathe maola asanu ndi limodzi oyendetsa, ndipo kwa munthu woyenda tsiku ndi tsiku limalembedwanso kambirimbiri pachaka. Khadi wamba la mufoni silinapangidwire ntchito yolemetsa chonchi, ndipo limafa mwakachetechete, nthawi zina kamera ikuoneka ngati ikujambulabe. Pamafunika makhadi opangidwira kulemba kosalekeza, monga SanDisk High Endurance kapena Samsung PRO Endurance, ndipo chizindikiro cha U3 kapena V30 chimatsimikiza kuti khadilo silitsika pa 30MB pa sekondi polemba. Makhadi achinyengo nawonso ndi ochuluka, olembedwa kukula kumene alibe, choncho ndi bwino kugula kwa wogulitsa wodziwika ndi kuliyesa pakompyuta ndi pulogalamu yonga H2testw musanalidalire. Ine ndimalifomata khadi langa (kufufuta zonse zili m'menemo) m'kamera momwemo kamodzi pamwezi, ndipo ndisanatero ndimatsegula makanema awiri kapena atatu kuti ndione ndi maso anga kuti alipodi.

Pali kachipangizo kena kotchedwa G-sensor, kamene kamamva kugunda kwamphamvu n'kutseka kanema wa nthawiyo kuti asafufutidwe. Lingaliro lake ndi labwino, koma mukakachuna kuti kazimva msanga, bampu lililonse ndi dzenje lililonse kamaziyesa ngozi, ndipo pakapita masabata khadi limadzaza ndi makanema otsekedwa opanda ntchito, malo ojambulira atsopano n'kuchepa. Pamlingo wotsika kamagwira bwino, ndipo kutsogolo kwa kamerayi kuli batani losavuta kulipeza ndi chala osachotsa maso pamsewu, lomwe mungadine nokha mukafuna kusunga chimene mwaona.

GPS yake ili m'kachitsulo komatira pagalasi, osati m'kamera mwenimweni, ndipo pogula muyenera kuonetsetsa kuti mwasankha mtundu wokhala nayo, popeza imagulitsidwanso yopanda GPS. Phindu lake lalikulu kwa ine si mapu, koma nthawi yolondola imene imadzikonza yokha kuchokera ku masetilaiti, chifukwa kanema wolembedwa tsiku lolakwika amataya mphamvu pamaso pa apolisi kapena a inshuwalansi. Imathanso kulemba liwiro pakanema, ndipo apa aliyense aganize yekha, pakuti mboni imeneyi siikondera mwini wake. Ngati munali kuthamanga mopitirira malire, idzanenanso zomwezo.

Kumata kwake n'kwa tepi yomata mbali zonse ziwiri, osati kakapu kotsopa galasi, kamene kamakonda kugwa dzuwa likatentha. Kamerayi ndi yooneka ngati mphero yaing'ono ndipo imabisala kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, moti munthu wodutsa panja saiona msanga. Poika, galasi lipukutidwe ndi sipiriti, diso likhale pamalo amene mawaipa amafika, ndipo liloze pansi pang'ono kuti msewu utenge gawo lalikulu kuposa thambo, apo ayi kuwala kwa kumwamba kumachititsa kuti msewu uoneke wakuda. Waya uyendetsedwe m'mphepete mwa denga ndi m'chipilala cha pakhomo, koma kumbuyo kwa airbag (thumba la mpweya loteteza pangozi) osati kutsogolo kwake. Ndinagulanso kagalasi ka CPL kovekera padiso, ndipo kanachotsa chithunzithunzi cha dashibodi chimene chinkaonekera pagalasi masana, ngakhale kamachepetsako kuwala usiku.

Kujambula galimoto itaimikidwa n'kotheka, koma kumafuna waya wapadera wa HK3 wolumikiza kubokosi la mafyuzi, umene umadula moto batire la galimoto likatsika kufika pamlingo womwe mwasankha, kuyambira 11.8V mpaka 12.4V. Ine ndinasankha 12.2V, chifukwa kupeza kanema wa usiku wonse koma galimoto n'kukana kulira m'mawa si phindu. Amene amayenda maulendo afupiafupi okha, kapena amene batire lawo lakalamba, achenjere nayo mbali imeneyi.

Zimene kamerayi ilibe ziyeneranso kunenedwa. Ilibe Wi-Fi, choncho kuti muone kanema pafoni muyenera kutulutsa khadi, ndipo kasikirini kake ka mainchesi awiri kamangothandiza kuchuna ndi kuona kumene diso laloza. Imagwiritsa ntchito pulagi yakale ya mini USB. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti imajambula kutsogolo kokha ndipo siilola kuwonjezera kamera yakumbuyo, pamene kugundidwa kumbuyo ndi ngozi yofala kwambiri m'misewu yothithikana. Amene akufuna mbali zonse ziwiri ayang'ane mitundu yonga Viofo A229, kapena ya makampani ena monga Thinkware ndi BlackVue, koma mafunso akhale omwewo: kodi ili ndi supercapacitor, sensa yake ndi iti, ndipo kodi opanga amatulutsabe firmware (pulogalamu ya m'kati mwa kamera) yokonza zolakwika.

Musanamate kamera iliyonse, fufuzaninso malamulo a dziko lomwe mukuyendetsamo. Ku Austria ndi ku Luxembourg malamulo oteteza chinsinsi cha anthu amaletsa kapena kupanikiza kwambiri kugwiritsa ntchito dashcam, pamene ku Germany khoti lalikulu la Bundesgerichtshof linagamula mu 2018 kuti makanema otere angalandiridwe ngati umboni pamilandu ya ngozi, ngakhale kujambula kosalekeza popanda chifukwa kumasemphana ndi malamulo a chinsinsi. Kujambula mawu a anthu okwera nawo kulinso ndi malamulo ake m'madera ena, ndipo n'chanzeru kuwauza kuti maikolofoni ndi yoyatsa.

A119 V3 si yatsopano, ndipo ndikanakhala ndikugula lero ndikanaiyerekeza mofatsa ndi A119 Mini 2 chifukwa cha Wi-Fi ndi chithunzi chake cha usiku. Komabe yangayi sindikuichotsa. Mwezi wathawu njinga yamoto inatulukira mwadzidzidzi pakati pa magalimoto awiri n'kundiphonya pang'onong'ono, ndipo madzulo ake nditatsegula khadi ndinapeza kanemayo ali wathunthu, nthawi ili yolondola, ndipo mawu anga akumveka ndikutchula nambala.