Sikelo ya m'khitchini: yothandiza kwambiri pa galu wonenepa

Galu akanenepa mpaka nthiti sizikumveka mukamugwira, gulani kasikelo ka digito kogulitsidwa ku msika wa Kamwala mu Lusaka. Kapu imanama: lero yodzaza, mawa yosefukira. Sikelo imayeza magalamu enieni. Ikani mbale, dinani batani la tare kuti ibwerere pa 0, kenako thirani chakudya chimene dokotala wa ziweto wanena, muchigawe kawiri patsiku. Nsima yotsala ndi mafuta a nyama musamupatsenso, ndiye zimamunenepetsa kwambiri.

Galu azitsika ndi 1 mpaka 2 peresenti ya kulemera kwake pa sabata, osati mofulumira. Muziyenda naye mphindi 20 m'mawa dzuwa lisanatenthe, makamaka mu Okutobala. Vuto la sikeloyi n'lakuti imazima yokha msanga ndipo batire likafooka imawerenga molakwa, choncho sungani lina.